Ludzu la pa Mmero ndi Ludzu la mu Mtima

Mwa mabuku akale a kum'mawa alipo awiri ang'onoang'ono amene mbiri yao yafika pa dziko lonse. Loyamba ndilo Tao Te Ching la ku China, limene anthu amati mlembi wace ndi Lao Tzu. Lili ndi mitu 81, ndipo zidutswa zace zakale koposa, zolembedwa pa nsungwi zaka ngati 300 Yesu asanabadwe, zinapezeka m'manda ena ku Guodian m'caka ca 1993. Laciwiri ndilo Dhammapada, m'mene anasonkhanitsamo mau a Buddha wa ku India, ndime 423 m'cinenero ca Pali. Mabuku awiriwa asiyana pa zambiri, koma agwirizana pa cimodzi: cimene cisautsa munthu ndico cilakolako cosatha, ndipo mankhwala ace ndiwo kukhutira ndi kukhala maso.

Mau otere amakoma m'makutu a munthu wokhuta. Koma mphika amauyesa pamoto, ndipo buku lophunzitsa kukhutira liyenera kuyesedwa pamalo pamene zosowa zili zambiri. Malo otere ndi Chibolya.

Chibolya ndi komboni yakale ya mu Lusaka, kufupi ndi pakati pa mzinda, moyandikana ndi Kanyama ndi msika wa Soweto. Dzina lace ndi la Cibemba, lotanthauza bwinja, ndiwo mudzi umene eni ace anausiya. Koma kumeneko anthu ndi ocuruka, ndipo nyumba zinathithikana. Nyengo ya dzinja madzi amadzaza njira za makomboni a mbali imeneyi ndi kusefukira m'zimbudzi. Kolera imene inabuka mu Lusaka m'mwezi wa October 2017 inasautsa Kanyama koposa, ndipo pamene inabweranso m'zaka za 2023 ndi 2024, bwalo la mpira la National Heroes linasanduka cipatala. Pamwamba pa izi, Chibolya inamveka zaka zambiri ndi mbiri ya malonda a camba, kotero kuti mnyamata wofuna nchito amaopa kuchula kumene akhala. Tsono funso ndi ili: kodi nkoyenera kuuza mai amene madzi alowa m'nyumba mwace, amene agula ufa wa pamela tsiku ndi tsiku, kuti aphe zofuna zace ndi kukhutira?

Ngati mabukuwa anena zimenezo, ayenera kutayidwa. Koma wowerenga mofatsa adzaona kuti sanena zimenezo. Buddha, amene dzina lace linali Siddhartha Gautama, anali mwana wa mfumu, ndipo anasiya nyumba ya atate wace ali ndi zaka 29. Kwa zaka zisanu ndi cimodzi anazunza thupi lace ndi kusala kudya kufikira nthiti zinawerengeka, koma sanapezemo nzeru. Analandira cakudya, nabwezera thupi mphamvu, ndipo pambuyo pace ndipo anaphunzitsa njira ya pakati, yokana kususuka ndi kukananso kudzizunza. Omasulira akale a Dhammapada anasunganso nkhani ya mlimi wosauka wa ku Alavi, amene anacedwa ku msonkhano cifukwa anali kufunafuna ng'ombe yace yosokera. Pamene anafika ali ndi njala, Buddha analamula kuti ayambe wadya, ndipo ciphunzitso cinadikira. Mphunzitsi wotere sangachedwe bwenzi la umphawi.

Tao Te Ching nalonso lili ndi mano amene ambiri sawaona. Mitu yace yambiri ilankhula kwa olamulira. Mutu wa 75 uika mlandu wa njala ya anthu pa akuru amene acurutsa msonkho, ndipo mutu wa 53 uyesa mbala nduna zobvala bwino pamene minda yamera thengo ndi nkhokwe zili zopanda kanthu. Motero kukhutira kumene Lao Tzu afuna kuyamba ndi amene ali pamwamba. Wotenga bukuli kukatontholetsa nalo anthu a m'komboni waligwira cadodolido.

Apa ndipo pali phindu la mabukuwa: alekanitsa ludzu la mitundu iwiri. Pali ludzu la pa mmero, limene litha munthu akamwa madzi. Kufuna pompi ya madzi oyera, ngalande, sukulu ndi nchito ndi ludzu lotere. Lili ndi malire, ndipo palibe manyazi kulinena poyera. Koma pali lina limene Buddha analicha tanha, liu la Pali lotanthauzanso ludzu, ndipo ili limakula pamene munthu alimwetsa. Ndilo limene libweza mnyamata ku nyumba ya njuga ya mpira ataluza kale ndalama ya lendi, ali kunena kuti lero lokha adzawina. Ndilo limene litengetsa munthu kaloba kuti agule foni yoposa ya mnzace. Boma linaletsa tujilijili m'caka ca 2012, koma lamulo linacotsa timapaketi tokha. Ludzu linatsala, nilipeza mabotolo ena. Makolo anaciona cimeneci kale pamene anati, ici cakoma ici cakoma pusi anagwa cagada. Ndipo nthendayi si ya m'komboni mokha. Ku mayadi a Kabulonga iliko, ingobvala bwino.

Cinthu caciwiri cimene mabukuwa aphunzitsa ndico kukhala maso, kumene m'Cipali acicha sati. Tanthauzo lace ndi lakuti munthu adziwe cimene ali kucita pa nthawi imene ali kucicita, ndi kuona cilakolako pamene ciri kutukuka mumtima, cisanafike ku dzanja. Cilakolako cili ngati mvula ya mkuntho: cifika ndi ukali, koma wodikira pang'ono aciona cikupita. Cifukwa cace Buddha anaika pakati pa malamulo asanu a anthu wamba lamulo loletsa zoledzeretsa, pakuti zimaba maso a mtima. Citsanzo ca kukhala maso cipezeka mu Chibolya momwemo. Gulu la Circus Zambia linayambitsidwa ndi acinyamata amene anakulira m'komboniyi, ndipo liphunzitsa ana masewero a kudumpha ndi kunyamulana. Iwo sacita izi m'dzina la Buddha kapena la Lao Tzu, koma mwana woimirira pa mapewa a mnzace adziwa bwino kuti maganizo akangothawira kwina, onse awiri ali pansi. Kuona maso a nkhono nkudekha. Mai wosunga ndalama m'cilimba, amene apirira miyezi kufikira nthawi yace ikwane, adziwanso phunziro lomweli.

Komabe mabukuwa ali ndi zirema zimene siziyenera kubisika. Mutu wa 3 wa Tao Te Ching ulangiza mfumu kuti ikhutitse mimba za anthu koma iwasunge opanda cidziwitso, ndipo mutu wa 80 utamanda dziko laling'ono limene anthu ace akalamba osacezera mudzi woyandikana nao. Wotsiriza sukulu sangabvomereze uphungu umenewo. Lusaka, amene anakhala likulu la dziko m'caka ca 1935, anamangidwa ndi anthu amene anacoka ku Chipata, ku Petauke, ku Kasama ndi ku Nyasaland cifukwa sanakhutire. Ndiponso makomboni ambiri anakhala zaka ali kunja kwa lamulo, kufikira lamulo la nyumba la 1974 linawatsegulira njira, ndipo George ndi Chawama analandira miseu ndi mapompi; eni ace akadakhala cete, akadawagwetsera nyumba. Dhammapada nalo m'ndime zambiri liyang'ana kwa amonke amene anasiya banja, ndipo litamanda moyo wopanda zomangira. Koma m'komboni munthu amapulumuka ndi zomangirazo: mnansi wobwereka mbaula, mpingo wothandiza pa maliro, mlamu wosunga mwana wa sukulu. Amonkewo nao amadya cakudya cimene ena analima.

Ciweruzo tsono ndi ici. Mabuku awiriwa sadzakumba ngalande ya ku Kanyama, ndipo wonena kuti mtendere wa mumtima ulowa m'malo mwa madzi oyera anamiza anthu. Koma apereka muyeso wabwino umene mnyamata kapena mtsikana wotsiriza Giredi 12 angayese nao cofuna ciriconse: kodi cinthu ici ndikacipeza, kufunako kudzatha, kapena kudzakula? Cimene cidzatha acifune ndi mphamvu zace zonse, acipemphe kwa khansala, acigwirire nchito. Cimene cidzakula aciyang'ane bwino asanatulutse ndalama m'thumba. Pakuti ndalama imene ipita ku njuga ndi ku kacasu ndiyo yomweyo imene ikadalipira kosi ya ukalipentala kapena kutsegula kantemba, ndipo mphamvu imene itha ndi kusirira za eni ndiyo yomweyo imene ifunika pokonza komboni. Wowerenga wolekanitsa ludzu la pa mmero ndi ludzu la mu mtima watenga cabwino ca m'mabukuwa, ndipo mankhusu ace angawasiye ku mphepo.