Maso Ofufuza Zithunzi za Umboni

Chithunzi chikaperekedwa m'khoti ngati umboni, ambiri amachikhulupirira msanga, osaganizira za katswiri amene amachezera pa kompyuta akuchikulitsa mpaka timadontho tamitundu tomwe timachipanga, totchedwa mapikiselo, titaonekera kamodzikamodzi. Katswiriyu amayamba ndi kuwala, ndipo amalemba mzere kuchokera pansonga ya mthunzi uliwonse kudutsa pa chinthu chimene chaupanga, pakuti ngati zonse zinawalidwa ndi dzuwa limodzi, mizereyo iyenera kuloza malo amodzi, monga katswiri wa ntchitoyi Hany Farid amaphunzitsira. Kenako amasanthula timabokosi ta mapikiselo 8 m'litali ndi 8 m'lifupi tomwe fayilo ya JPEG imagawamo chithunzi pochichepetsa, chifukwa chigamba chochokera kwina nthawi zambiri sichilumikizana bwino ndi timabokosi toyandikana nacho.

Chosiririka koposa n'chakuti kamera iliyonse imasiya timawanga tosaoneka ndi maso, taketake ngati zidindo za zala, ndipo Jessica Fridrich ndi anzake ku yunivesite ya Binghamton anasonyeza mu 2006 kuti timawangato titha kuloza kamera imene inajambula chithunzicho, kotero kuti mbali imene tasowa imam'chenjeza katswiri kuti mwina panadutsa dzanja lachinyengo.

Popanda kuleza mtima kotere, munthu wosalakwa angaikidwe pamalo pomwe sanapondepo, ndipo wolakwa angakane chithunzi choona ponena kuti n'chopeka. Akatswiriwa ndi oyenera ulemu waukulu, chifukwa ntchito yawo imateteza chilungamo cha wodandaula ndi woimbidwa mlandu yemwe.