Amauta 1,500 pa Waya Umodzi: Kuyesa Nkhani ya Bettner ndi Terrano

Anyamata ndi atsikana ambiri amene ayamba kulemba mapulogalamu a kompyuta amakhala ndi khumbo lakuti apange masewera amene anthu angapo, wina kuno wina kutsidya la nyanja, angasewere pamodzi pa intaneti. Akafunsa kwa odziwa kuti ayambire pati, kawirikawiri amawalozera ku nkhani ina imene Paul Bettner ndi Mark Terrano anakamba pa msonkhano wa Game Developers Conference m'chaka cha 2001, imene mutu wake ndi "1500 Archers on a 28.8". Popeza nkhaniyi yasanduka mphunzitsi wa ambiri, n'koyenera kuti tiiyese monga umo tiyesera buku lililonse la m'kalasi: ikuphunzitsa chiyani, ikuphunzitsa motani, ndipo yasiya chiyani? Funsoli si lachabe, pakuti woyamba akasokera pa mphambano yoyamba angathe kutaya miyezi yambiri akumanga nyumba pa maziko a nyumba ina.

Tiyambe tafotokoza vuto limene alembiwa anakumana nalo. Iwo anali antchito a Ensemble Studios, amene anapanga masewera a Age of Empires amene Microsoft inatulutsa m'chaka cha 1997. M'masewerawa anthu okwana asanu ndi atatu amapikisana nthawi imodzi, ndipo aliyense amamanga mudzi wake, kutuma anthu ake kukasaka ndi kulima, ndi kusonkhanitsa asilikali. Koma modemu imene anthu ambiri anali nayo masiku amenewo inkanyamula mabiti 28,800 pa sekondi, ndiye kuti mabayiti osaposa 3,600. Alembiwa anawerengera kuti ngati kompyuta iliyonse ikanamauza zinzake pamene msilikali aliyense waima, kumene wayang'ana ndi chimene akuchita, waya ukanadzala pofika asilikali oyenda pafupifupi 250 okha.

Nzeru yawo tingaimvetse poganizira anthu awiri osewera bawo mwa makalata. Wina sasowa kulembera mnzake chiwerengero cha njere za m'dzenje lililonse. Aliyense ali ndi bawo lake, ndipo mabawo onsewo anayalidwa mofanana. Tsono kalatayo ingonena dzenje limene watapamo ndi mbali imene walowera, ndipo mnzakeyo akagawa njere motsata malamulo omwewo, mabawo awiriwo adzafananabe. Chomwechonso mu Age of Empires: makompyuta sankatumizirana malo a asilikali, koma malamulo okha amene wosewera wapereka, ndipo kompyuta iliyonse inkayendetsa yokha dziko lonse la masewerawo. Lamulo lotuma amauta khumi ndi lamulo lotuma amauta makumi awiri n'zosasiyana kwenikweni kulemera kwake. Njira imeneyi akatswiri amaitcha lockstep. Nthawi anaidula m'zigawo za mamilisekondi pafupifupi 200, ndipo lamulo loperekedwa m'chigawo cha 10 linkachitika m'chigawo cha 12, kuti lipeze mpata wofika kwa onse lisanachitike.

Tsono ubwino wa nkhaniyi monga chophunzitsira uli patatu. Poyamba, iyamba ndi masamu. Isanatchule nzeru iliyonse, itiuza kukula kwa waya, mphamvu ya kompyuta imene anailingalira, imene inali Pentium ya liwiro la 90 MHz yokhala ndi mamegabayiti 16, ndi chiwerengero cha osewera. Wophunzira aona ndi maso ake kuti njira siisankhidwa chifukwa yatchuka, koma chifukwa cha katundu amene ayenera kunyamulidwa ndi kuchepa kwa msewu. Phunziro ili silikalamba, ngakhale waya wa lero ndi wotakata kwambiri.

Chachiwiri, alembiwa anayesa zinthu pa anthu enieni. Anapeza kuti kuchedwa kwa mamilisekondi 250 osewera sankakuzindikira konse, kuti kufikira 500 masewera ankaseweredwabe bwino, ndi kuti anthu amapirira kuchedwa kokhazikika kuposa kuchedwa kosinthasintha, kumene pena kufulumira pena kutsalira. Apa wophunzira akumbutsidwa kuti wopanga masewera akutumikira mtima ndi dzanja la munthu, osati makina okha.

Chachitatu, ndipo ichi ndicho chokoma koposa, sabisa mtengo wa nzeru yawo. Walira mvula walira matope. Ngati makompyuta onse ayenera kufika pa yankho limodzi, ndiye kuti kasiyanidwe kakang'ono kamodzi kangathe kuwononga zonse. Afotokoza za gwape amene pa kompyuta ina anaima pamalo posiyana pang'ono ndi pa zinzake. Poyamba palibe amene anaona kanthu. Koma gwapeyo anadyera msipu kwina, ndipo patapita mphindi zingapo mlenje woponya mkondo anamphonya pa kompyuta imodzi, pamene pa ina anabwerera kumudzi ndi nyama. Kuyambira pamenepo osewerawo anali m'maiko awiri osiyana. Chitsanzo chimodzi chimenechi chiphunzitsa zimene masamba khumi a matanthauzo sangaphunzitse: kuti ngakhale manambala a mwamwayi ayenera kutuluka mofanana ndi motsatana pa makina onse, ndi kuti cholakwa chimaonekera kutali ndi kumene chinabadwira.

Komabe tisanyengedwe ndi kukoma kwa nkhani, pakuti ili ndi zoperewera zimene mphunzitsi ayenera kuchenjeza nazo ana ake. Choyamba n'chakuti siinalembedwere woyamba. Alembiwa ankalankhula kwa akatswiri anzawo, kotero sanaime kuti afotokoze kusiyana kwa TCP ndi UDP, kumene ndiko khomo la phunziro lonseli. TCP, imene malamulo ake anasindikizidwa m'chaka cha 1981, imaonetsetsa kuti uthenga wonse wafika ndiponso motsatana. Koma paketi imodzi ikatayika panjira, zonse za pambuyo pake zimadikira kufikira yotayikayo itatumizidwanso. UDP, ya m'chaka cha 1980, imangoponya paketi osalonjeza kanthu, kotero ilibe kudikira koteroko, koma ntchito yozindikira zotayika imagwera wolemba pulogalamu. Age of Empires inatsata UDP, niidzipangira yokha njira yotsimikizira ndi kubwereza mauthenga. Woyamba amene sadziwa maziko awa adzawerenga ndime zimenezo osatolapo kanthu.

Choperewera chachiwiri n'chachikulu. Nkhaniyi ikamba za mtundu umodzi wa masewera, koma wowerenga wosazolowera angaganize kuti wapeza mankhwala a nthenda zonse. Mkulu wa asilikali wotuma gulu lake kuphiri angathe kudikira mamilisekondi 400 osadandaula. Koma m'masewera owomberana, m'mene wosewera aona ndi maso a msilikali mmodzi, kuchedwa koteroko ndi imfa. Masewera a Doom a m'chaka cha 1993 anatsata njira yofanana ndi ya lockstep, ndipo ankayenda bwino pa makompyuta oyandikana. Koma Quake ya m'chaka cha 1996 inaika seva imodzi kuti ikhale mwini choona, makompyuta ena n'kumamvera. Kumapeto kwa chaka chomwecho John Carmack anatulutsa QuakeWorld, m'mene kompyuta ya wosewera imamsuntha nthawi yomweyo mongoyerekeza, niikonza pambuyo ngati seva yanena zina. M'chaka cha 2001 Yahn Bernier wa ku Valve anafotokozanso umo seva ingabwezere nthawi m'mbuyo pang'ono kuti iweruze ngati chipolopolo chinalasa monga wowombera anaonera. Wophunzira amene sadziwa njira yachiwiriyi wadziwa theka lokha la mudzi.

Chachitatu, zovuta zina za lockstep nkhaniyi yangozilambalala. Popeza kompyuta iliyonse isunga dziko lonse, munthu wachinyengo angathe kuvundukula mbali za mapu zimene anayenera kubisidwa. Alembiwa avomereza zimenezi, koma mopepuka. Ndiponso popeza palibe angapitirire chigawo asanalandire malamulo a onse, munthu mmodzi wa waya wofooka amachedwetsa gulu lonse, monga ulendo uyendera mwendo wa wotsimphina. Kwa ife mfundo iyi ndi yolemera. Kuwala m'waya wagalasi kumathamanga makilomita pafupifupi 200,000 pa sekondi, ndipo kuchokera ku Lilongwe kufika ku London ndi makilomita pafupifupi 8,000. Kotero uthenga wopita ndi kubwera sungathe kutenga nthawi yochepera mamilisekondi 80, ndipo popeza mawaya enieni amazungulira, nthawiyo imaposa pamenepo. Palibe luso la pulogalamu limene lingafupikitse mtunda, lingathe kungoubisa.

Potsiriza, zina m'nkhaniyi zakalamba. DirectPlay, chida cha Microsoft chimene anagwiritsa ntchito, chinasiyidwa kalekale. Ndiponso lero makompyuta ambiri a m'nyumba ndi mafoni alibe keyala yawoyawo yoonekera pa intaneti, koma amabisala kuseri kwa keyala imodzi ya onse, kotero kulumikiza osewera mwachindunji popanda mkhalapakati n'kovuta kuposa umo nkhaniyi ingachititse munthu kuganiza.

Nanga tsono tiitaye? Iyayi. Koma tiiike pamalo pake. Wophunzira ayambe walemba kapulogalamu kotumizirana mawu pakati pa makompyuta awiri ndi TCP, kuti adziwe keyala, doko ndi socket. Kenaka apange masewera osinthana dzanja, monga bawo lomwe lija, seva ikhale woweruza. Pambuyo pake ayese UDP, ndipo adzitayire dala mapaketi ena ndi kuchedwetsa ena, kuti aone chimene chimachitika waya ukavuta, pakuti pulogalamu yoyesedwa pa kompyuta imodzi yokha imaoneka yangwiro nthawi zonse. Akafika pamenepo ndiye awerenge Bettner ndi Terrano, pamodzi ndi mbiri ya QuakeWorld, nayerekeze njira ziwirizo. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Chiweruzo chathu n'chakuti nkhaniyi ndi yosayenera kukhala phunziro loyamba, koma ndi yoyenera kwambiri kukhala lachinayi. Phindu lake lenileni silili mu lockstep, koma m'mafunso awiri amene ikakamiza wowerenga kufunsa asanalembe mzere uliwonse: kodi n'chiyani chimene chiyenera kutumizidwa, ndipo makompyuta akatsutsana, ndani ali ndi mawu omaliza? Mphunzitsi amene adzaphunzitsa ana ake kufunsa mafunso amenewa adzakhala atawapatsa chinthu chimene chidzatsala ngakhale zida za lero zitatha ntchito monga inathera modemu ya 28.8.