Woyesa Wakunja ndi Funso la Cilankhulo pa Digiri ya Masitala

Mwambo woitana woyesa wocokera ku yunivesite ina unazika mizu ku Britain, kumene Yunivesite ya Durham, yokhazikitsidwa mu 1832, inkaitana akatswiri a ku Oxford kudzayesa ophunzira ake. Mayunivesite athu anautengera, ndipo colinga cake ncabwino: mphunzitsi asakhale yekha woweruza nchito ya wophunzira wake. Koma pa maphunziro a zilankhulo za mu Afirika, kucokera kunja ndi digiri ya udokotala sikokwanira. Ngati kafukufuku akukamba za kukwera ndi kutsika kwa mau m'Cinyanja, woyesa wosatha kusiyanitsa mténgo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika adzangoyesa mfundo, nasiya zitsanzo zosatsimikizidwa. Motero lamulo linene momveka kuti mmodzi mwa oyesa m'komiti akhale wodziwa bwino cilankhulo cofufuzidwaco.