Chilolezo, Chitupa ndi Unzika

Womasulira mawu a Chingerezi monga permit, licence ndi authorisation m'Chifalansa amakakamizika kusankha. Permission ndi kuvomera kwa munthu, permis ndi chikalata, autorisation ndi mphamvu yochokera kwa wolamulira, ndipo laissez-passer ndi pepala lodutsira. Koma omasulira m'Chichewa tazolowera kuthira zonsezi mumphika umodzi wa "chilolezo".

Chizolowezichi n'cholakwika, ndipo umboni uli m'migodi ya ku Bindura, kufupi ndi Masembura, kumene kuli zidzukulu za anthu ochokera ku Nyasaland. Agogo awo sankasokoneza mawuwa. Pepala limene atsamunda ankafuna kwa wantchito ankalitcha chitupa. Chilolezo, chochokera ku mneni "kulola", chinali cha mfumu kapena kholo, ndipo wolola lero angathe kukaniza mawa.

Kusiyanaku kunaonekera poyera mu 2001, pamene lamulo la unzika ku Zimbabwe linasinthidwa, ambiri obadwa kwa makolo akunja n'kutsala opanda dziko. Malamulo aakulu a 2013, amene anaika Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka, amanena m'ndime 43 kuti wobadwira ku Zimbabwe kwa kholo lochokera m'dziko la SADC, ngati ankakhala m'dzikomo, ndi nzika yobadwa nawo unzikawo. Womasulira akautcha "chilolezo chokhala m'dziko", wasandutsa mwinimudzi kukhala mlendo wopempha malo. Chifalansa chimasiyanitsa droit ndi permis. Chichewanso chili ndi ufulu ndi chitupa, ndipo womasulira ayenera kudziwa limene wagwira.