Luso losunga nthawi m'masewera a pakompyuta

Ndimawalemekeza kwambiri amisiri amene amalemba masewera pogwiritsa ntchito SDL, laibulale imene Sam Lantinga anatulutsa mu 1998. Munthu amalemba pulogalamu kamodzi, yotsegula windo, yojambula zithunzi ndi kumva batani likadinidwa, ndipo imayenda pa Windows, Linux ndi macOS popanda kuyambiranso. Kampani ya Loki Software inadalira SDL posamutsira masewera ku Linux.

Koma chimene chimanditenga mtima ndi kasungidwe ka nthawi. Kuti zinthu zioneke zikuyenda mosadukiza, masewera ambiri amajambula chithunzi ka 60 pa sekondi, choncho ntchito yonse ya chithunzi chimodzi iyenera kutha m'mamilisekondi osakwana 17. Makompyuta nawo amasiyana mphamvu. Wosasamala akangolamula kuti mpira uzisuntha pang'ono pa chithunzi chilichonse, pa makina amphamvu mpirawo umathamanga ngati waona njoka, pa makina ofooka n'kumakwawa. Wodziwa ntchito amafunsa SDL_GetTicks, chowerengera nthawi cha SDL, kuti padutsa mamilisekondi angati, n'kuchulukitsa liwiro la mpira ndi nthawiyo. Apo mpira umayenda mofanana paliponse, ndipo wosewera sadziwa n'komwe kuti wina anamuvutikira.



Amisiriwa amadziwanso kuti SDL_Delay, yoimitsa pulogalamu kwakanthawi, ikhoza kudikira kupitirira nthawi imene waipempha, pakuti makina amakhala otanganidwa ndi zina. Ena amafika posamalira ngakhale ichi: mu SDL 2, chiwerengero cha SDL_GetTicks chimabwerera pa 0 pakatha masiku pafupifupi 49, ndipo amalemba pulogalamu yoti isasokonezeke tsikulo likakwana.