Maliya ndi Simoni pabwalo la gule

Ansembe a White Fathers atafika ku Mua mu 1902, ankayesa kuti belu la tchalitchi lidzatontholetsa ng'oma za gule wamkulu. Mkangano unakula ndithu, makamaka pamaliro ndi pachinamwali, moti Mkhristu wopita kudambwe ankaletsedwa masakramenti. Koma opeka nyimbo m'midzi yozungulira Mua, kuyambira ku Mtakataka mpaka ku Golomoti, anali ndi yankho lawolawo. Mayina a m'katekisimu anatulukira pabwalo: Maliya wovina monyang'wa, ndi Simoni wa nkhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa.

Luso lenileni lili m'nyimbo. Mawu ake ndi ochepa, mzere umodzi kapena iwiri basi. Wotsogolera akaponya, amayi amavomera akuwomba m'manja, mbalule ikulankhula pakati, fumbi lili koboo. Mlendo amangomva nthabwala, pamene mwana wa pamudzi amamva chidzudzulo cholasa mkamwini waulesi kapena mfumu yadyera. Ndakatulo yotere siilira pepala, ndipo kwa ine imaposa zambiri zimene tinkaloweza kusukulu.

Mpingo womwe unkadana ndi gulewo ndiwo unadzathandiza kusunga nyimbozi. Bambo Claude Boucher a ku Canada, amene anapatsidwa mfunda wa Chisale, anayambitsa malo a zachikhalidwe a Kungoni pa Mua mu 1976, nakhala zaka zambiri akulemba nyimbo za gule ndi matanthauzo ake. Lero mu Chamare Museum ya pa Kungoni muli nkhope za gule mazanamazana, ndipo Maliya ndi Simoni ali momwemo.