Wofufuza akamaliza pós-doutoramento, kodi kalasi ija imamuonanso?

Mphunzitsi wa sukulu ya zilankhulo ziwiri ku Angónia kapena m'mbali mwa nyanja ku Lago amamudziwa mlendo wamtunduwu. Amabwera ndi kope ndi kachipangizo kojambulira mawu, amakhala kumbuyo kwa kalasi milungu ingapo, amafunsa mafunso, amathokoza, n'kupita. Pakapita zaka kumamveka kuti anatenga digiri ya udokotala ndipo ali kunja pa pós-doutoramento. Zimene anapeza m'kalasi muja, mwini kalasi sazimva.

N'kwapafupi kumunena mlendoyu kuti ndi wosayamika. Koma gwero la vutoli lili m'malangizo amene ofufuza achinyamata amapatsidwa pa za momwe angapezere malo ku yunivesite, ndipo malangizowo ndi amene ayenera kuunikidwa.

Pós-doutoramento ndi ntchito ya kanthawi, ya chaka chimodzi, ziwiri kapena zitatu, imene munthu amagwira pansi pa pulofesa wina ndi ndalama za pulojekiti. Ndalamazo zikatha, ntchito yathanso. Wobwerera kumudzi amapeza makwerero akumudikira: professor auxiliar, kenako associado, pamwamba penipeni catedrático. Pokwera amawerenga nkhani zimene wasindikiza, ophunzira a mestrado ndi doutoramento amene wawatsogolera, ndi ndalama za kafukufuku zimene wakokera ku yunivesite. Ndiye akuluakulu amamuuza kuti: lemba m'Chingerezi, tumiza ku magazini akunja, dziwika m'misonkhano ya ku Ulaya, zina zonse zidikire.

Malangizowa si abodza. Munthu wa zaka makumi atatu ndi zingapo, wa banja ndi abale omuyang'anira, sangaseweretse mwayi wa ntchito yokhazikika. Masana amaphunzitsa, madzulo ali ndi makalasi a pós-laboral, ndipo malipiro akachepa amalembera mabungwe malipoti amene amathera m'mashelefu a opereka thandizo. Pa nthawi yochepa yotsalayo amasankha chimene chidzawerengedwe pomukweza. Cholakwika n'chakuti malangizo omwewa amaperekedwa kwa aliyense mofanana, ngati kuti wofufuza za miyala ya malasha ku Moatize ndi wofufuza za mwana wophunzira kuwerenga Chinyanja ali ndi owerenga amodzi. Wofufuza za maphunziro a zilankhulo ziwiri amathera zaka akutsimikizira dziko kuti munthu amamva bwino m'chilankhulo chake, kenako umboniwo amaulemba m'chilankhulo chimene mphunzitsi wa ku Ulónguè sanachiphunzire mokwanira, m'magazini yolipiritsa ndalama zakunja kuti munthu awerenge nkhani imodzi.

Chitsanzo chabwino ndi buku la Feliciano Chimbutane wa ku Universidade Eduardo Mondlane, lotchedwa Rethinking Bilingual Education in Postcolonial Contexts, limene linatuluka mu 2011 kuchokera m'kafukufuku wake wa udokotala ku Birmingham. Iye anakhala m'masukulu awiri akumudzi ku Gaza, ina yophunzitsa m'Chichangana ndi Chipwitikizi, ina m'Chichopi ndi Chipwitikizi. Anaona kuti m'maphunziro a chilankhulo cha kunyumba ana amayankha momasuka, amatsutsana, nthawi zina amakonza ngakhale mphunzitsi, ndipo zimene makolo amadziwa zimapeza malo m'kalasi. Anaonanso kuti phunziro likatembenukira ku Chipwitikizi, makamaka kuyambira kalasi yachinayi pamene ndondomeko ya nthawiyo inkasinthira chilankhulo chophunzitsira, kalasi imazizira: ana amayankha onse pamodzi mobwereza mawu a mphunzitsi, kuoneka ngati amva pamene sanamve. Sanabise za kusowa kwa mabuku a m'zilankhulo za kuno, ndipo anakayikira mwambo wopewa chilankhulo cha mwana m'phunziro la Chipwitikizi.

Mphunzitsi aliyense wa ku Tete kapena ku Niassa angazizindikire zimenezi, ngakhale zinaonedwa kumwera. Zikukhudza chimene achite Lolemba m'mawa mwana akakakamira pa liwu la Chipwitikizi: amuthandize m'Chinyanja kapena alimbikire? Komabe bukuli lili m'Chingerezi ndipo linasindikizidwa ku Bristol. Uku si kumunyoza wolemba. Bukulo linachititsa kuti akatswiri a m'mayiko ena adziwe za masukulu a ku Mozambique, ndipo zimenezo zili ndi phindu lake. Funso ndi lakuti, pa makwerero aja, ndi sitepe iti imene imamulipira munthu chifukwa chosandutsa mitu ya buku lotere kukhala masamba khumi a Chinyanja, kapena chifukwa chokhala tsiku lathunthu ndi aphunzitsi a ZIP imodzi kukambirana zimene anapeza? Ntchito yotereyi amaitcha extensão, ndipo pamapepala imalemekezedwa, koma wachinyamata aliyense amadziwa kuti kulemera kwake sikufanana ndi kwa nkhani ya m'magazini yakunja.

Chodabwitsa n'chakuti mbiri ya maphunziro amenewa ikutsutsa malangizowo. Pulojekiti ya PEBIMO, ya 1993 mpaka 1997, inayesa kuphunzitsa m'Chinyanja ku Tete ndi m'Chichangana ku Gaza. Carol Benson anaiunika n'kulemba za iyo m'magazini yakunja mu 2000, koma chimene chinapangitsa nkhani yakeyo kukhala yamphamvu ndi nthawi imene anakhala pafupi ndi INDE, aphunzitsi ndi makolo. Armindo Ngunga anatenga udokotala ku Berkeley mu 1997 ndi kafukufuku wa Chiyao, ndipo atabwerera anathira mphamvu pa ntchito yooneka yonyozeka kwa owerenga magazini: kukhazikitsa kalembedwe ka zilankhulo za m'dziko muno. Lipoti la mu 2000 limene anakonza ndi Bento Sitoe ndi limodzi mwa maziko a mabuku amene ana anayamba kugwiritsa ntchito maphunziro a zilankhulo ziwiri atalowa m'masukulu a boma mu 2003. Mwana wolemba Cinyanja ndi c yekha, popanda h, akutsatira ntchito imeneyo ngakhale sakudziwa mayina a anthuwo. Dzina la Ngunga silinachepe chifukwa cha ntchitoyi.

Pali mpata watsopano umene malangizo akale sanauone. Mu 2019 Universidade Pedagógica inagawidwa, ndipo panabadwa mayunivesite monga Púnguè, imene ili ndi nthambi ku Tete, ndi Rovuma, imene imafika ku Niassa. Wofufuza wodziwa Chinyanja sakufunikanso kukhala ku Maputo kuti atchedwe mphunzitsi wa ku yunivesite. Zovuta zilipo, chifukwa malaibulale ndi ochepa ndipo anzake okambirana nawo ali kutali. Koma masukulu ali pafupi. Amene angatsatire kalasi imodzi kuyambira ana akulowa mpaka atafika kalasi yachisanu ndi chimodzi angakhale ndi umboni umene mlendo wa milungu itatu sangaupeze, ndipo umboni wotero ndi umene ngakhale magazini akunja amausowa.

Mayunivesite atsopanowa akadali kuumba miyambo yawo, choncho angathe kusankha kuti buku la mphunzitsi lolembedwa m'Chinyanja, lounikidwa ndi akatswiri monga zimachitikira ndi nkhani zina, liziwerengedwa pokweza munthu. Nawo aphunzitsi ali ndi mphamvu imene saigwiritsa ntchito kawirikawiri. Kalata yochokera ku boma imamufikitsa wofufuza pa ofesi ya dairekitala, koma kalasi amamutsegulira ndi mphunzitsi. Asanamupatse mpando wa kumbuyo uja angathe kumufunsa kuti adzabwera mwezi uti kudzafotokoza zimene wapeza, ndipo adzazifotokoza m'chilankhulo chiti.